Kusonkhetsa thandizo la asilikali akale ku Kasungu: yambani fodya adakali pamsika

Mwezi wa Novembala ukafika, aliyense amawakumbukira asilikali akale. Pa wailesi pamalira malipenga, akuluakulu a boma amavala duwa lofiira la poppy pachifuwa, nkhata za maluwa n'kuikidwa pa zipilala zachikumbutso ku Zomba, ku Area 18 mu Lilongwe ndi ku Mzuzu. Koma kuno ku Kasungu, mu Novembala ukamupempha munthu ndalama amakupisira m'thumba n'kutulutsa dzanja lokha, ndipo sakhala akunama. Ya fodya inatha kalekale, yotsala yalowa ku feteleza ndi mbewu, ina inapita ku fizi mu Seputembala, aganyu ounga mizere nawo akudikira yawo. Choncho ngati mpingo wanu, kalabu yanu ya alimi kapena gulu lanu la achinyamata likufuna kuthandiza mabungwe osamalira asilikali akale ndi mabanja awo, ntchitoyo iyambike mu Epulo, msika wa fodya ku Chinkhoma ukamatsegulidwa, chimanga chikamauma m'munda. Novembala ndi wokapereka zomwe mwasonkha.

Dziwani kaye amene mukuwasonkhera

Ambiri akamva za asilikali akale amangoganiza za agogo a KAR (King's African Rifles), gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda. Mbiri imayambiradi kumeneko. Mabataliyoni awiri oyamba a King's African Rifles anali a kuno ku Nyasaland. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, anamenyana ndi Majeremani kuyambira ku Karonga mu Seputembala 1914, kumbuyo kwawo kukuyenda amtengatenga osenza katundu pamutu, ambiri osabwererako kumudzi. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anyamata a kuno anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma, ena n'kudzapitanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Koma tawerengani zaka: amene anali ndi zaka 18 mu 1945, lero akugogoda pa 100. Otsala ndi owerengeka, ndipo m'makomo ambiri otere mwangotsala akazi awo amasiye.

Mtolo waukulu tsopano uli pa mibadwo ina. Alipo amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Alipo opita kukasungitsa mtendere ku Ivory Coast ndi ku DRC. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi 6 anaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Private Chancy Chitete, amene United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019, iye atatisiya kale, chifukwa chopulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania zipolopolo zili mkati. Mu Januwale 2025 tinatayanso ena kum'mawa kwa DRC komweko.

Izi muzidziwe chifukwa zosowa zawo n'zosiyana. Agogo a zaka 90 akufuna ufa, bulangete ndi ndalama yokwerera kupita kuchipatala. Mayi wamasiye wa zaka 30 akufuna fizi ya ana ndi mpamba wa geni. Bambo wopuma ntchito ali ndi penshoni, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 penshoniyo inachepa mphamvu ali chikhalire pakhonde. Wosonkhetsa amene sadziwa kusiyana kumeneku amagula mabulangete okhaokha.

Gogodani ku bungwe musanatole ngakhale tambala

Bungwe lodziwika pa nkhaniyi m'dziko muno ndi Veterans and Ex-Service League of Malawi, mwachidule VELOM, limene kale linkatchedwa CELOM. Ndi lomwe limayendetsa zogulitsa maluwa a poppy chaka ndi chaka. Asilikali amene anagwira ntchito tisanalandire ufulu mu 1964 amathandizidwanso ndi Royal Commonwealth Ex-Services League ya ku Britain. Kaya musankha VELOM kaya bungwe lina, onetsetsani kuti ndi lolembetsedwa m'kaundula wa boma, ndipo musachite manyazi kupempha kuona chikalata chake.

Njira yosavuta yowafikira ndi kudzera kwa asilikali opuma amene mukukhala nawo m'dera lanu, chifukwa amadziwana, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Alembereni kalata yonena kuti ndinu ndani, mukufuna kusonkhetsa liti ndiponso motani. Iwo akuyankheni ndi kalata yokhala ndi chidindo, yokulolani kutchula dzina lawo komanso yolemba akaunti yolandirira ndalama. Popanda kalatayo musasindikize dzina la bungwe pa chikwangwani chilichonse.

Pomwepo mugwirizanenso chinthu chimene chimadzautsa mapokoso chikasiyidwa: kodi ndalama yonse ipita ku thumba la bungwe, kapena gawo lina lithandiza mabanja a kuno ku Kasungu? Ine ndimakonda kuti gawo lina litsale kuno, chifukwa munthu wa ku Chamama amapereka mosanyinyirika akadziwa kuti mayi wamasiye wa ku Wimbe adzalawako. Koma mayina a olandira atsimikizidwe ndi bungwelo. Iwo ali ndi kaundula, amadziwa kufunsa nambala ya usilikali ndi mapepala opumira ntchito. Komiti ikayamba kusankha yokha, mudzaona mwadzidzidzi aliyense ali ndi malume amene anapita ku Nacala.

Komiti ndi kosungira ndalama

Anthu 5 kapena 7 akwana: wapampando, mlembi, msungichuma ndi ena othamangathamanga. Pakhale msilikali wopuma mmodzi ndi mayi wamasiye mmodzi, osati ongodzazitsa mpando koma oyankhula. Wapampando ndi msungichuma asakhale a nyumba imodzi.

Ngati gulu lanu lili kale ndi akaunti kubanki, onetsetsani kuti osainira ndi atatu ndipo ndalama siituluka osasaina awiri. Pa Airtel Money ndi TNM Mpamba gulani simu yatsopano ya ntchito yokhayi. Poti simu imalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu, lembani m'maminitsi kuti ili m'dzina la yani ndipo ndalama zake ndi za gulu. Foni isungidwe ndi wina, nambala yachinsinsi ndi winanso. Nambala ya msungichuma yomwe amalandirirapo ndalama za mandasi ndi za ana ake a ku Lilongwe ayi. Ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, zikasakanikirana sadzatha kudziyeretsa pamaso pa anthu.

Kenako yendani m'makomo a eni dera. Yambani ndi a nyakwawa ndi a gulupu, iwo akuperekezeni kwa Gogo Chalo. Ngati mukukonza ulendo wa ndawala mumsewu kapena msonkhano wa pabwalo, kalata ipite kwa a DC ndi kupolisi nthawi ikadalipo, ndipo ngati ndi m'tauni dziwitsaninso khonsolo. Zogulitsa matikiti a mwayi, zoti wina apate njinga kapena mbuzi, zili ndi malamulo ake pansi pa Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndiye funsani kaye musanadinde matikiti.

Ndowa imodzi pakhomo

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni. Mlimi amene angakukanizeni K2,000 amatha kukupatsani ndowa ya chimanga mu Meyi osaganiza kawiri, chifukwa chili mbwee pabwalo ndipo mavenda akuchigula motchipa. Mipingo inazindikira kalekale zimenezi, n'chifukwa chake pali zopereka za masika. Inunso tsatani njira yomweyo.

Gawani dera m'midzi, mudzi uliwonse ukhale ndi otolera awiri odziwika kwa amfumu. Lengezani tsiku pasadakhale kutchalitchi, kumzikiti ndi pa msonkhano wa mudzi, kuti pakhomo pasadzafike alendo odzidzimutsa. Pemphani chinthu chodziwika muyeso wake: ndowa ya chimanga, kapena theka la ndowa ya soya, kapena mtedza. Mukangoti aliyense apereke zomwe angathe, mudzalandira mbale imodzi imodzi. Otolera ayende ndi kope, alembe dzina, mudzi ndi muyeso, woperekayo asaine kapena adinde chala. Madzulo zonse zifike pamalo amodzi, ziyezedwe pa sikelo anthu akuona, zithiridwe m'matumba a makilogalamu 50, thumba lililonse lilembedwe nambala.

Chimanga chosonkha chimabwera chosiyanasiyana, china chouma gwa, china chadzulo chomwe. Musachisoke msanga. Chiyanikeni pa tenti masiku angapo, muchipete, muchotse chowola. Pofuna kudziwa ngati chauma, thirani dzanja limodzi la chimanga m'botolo louma bwino pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chidakali ndi madzi, chibwerere padzuwa. Chikauma thirani mankhwala a anankafumbwe monga mwa malangizo a papaketi, kapena sungani m'matumba a PICS amene safuna mankhwala bola amangidwe bwino osalowa mpweya. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma; ayalireni mitengo. Chipinda chikhale cha maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri osiyana.

Soya ndi mtedza gulitsani pamodzi, kwa wogula mmodzi, mutafunsa mitengo malo angapo, ndalama ilowe ku akaunti tsiku lomwelo. Chimanga musachithamangire. Mtengo wake umakhala pansi nthawi yokolola n'kukwera chakumapeto kwa chaka mpaka Febuluwale, ndipo nthawi yomweyo ndi imene pakhomo pa mayi wamasiye moto umayamba kuzima msanga. Mukagwirizana ndi bungwe, matumba ena asagulitsidwe n'komwe, adzaperekedwe momwemo mu Januwale.

A fodya afikireni mwanjira ina. Ndalama yawo imadzera kubanki, ndipo imabwera itadulidwa kale ngongole ndi zolipira zina. Kambiranani ndi atsogoleri a makalabu msika usanatsegulidwe kuti membala aliyense adzaperekepo kangachepe pa belo, ndipo tsatirani sabata yomwe ndalama yatuluka. Mukachedwa ndi mwezi mudzapeza njinga yamoto yatsopano pakhomo, mwini wake akukuuzani kuti chaka chino sizinayende. Malonjezo onse, kaya a alimi, a mashopu kapena a andale, alembeni pa tsamba lapadera ndipo musawawerengere pa zomwe muli nazo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tsiku la mganda

Pa zochitika zokopa anthu, palibe choyenera nkhaniyi kuposa mganda. Akuluakulu amati gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali obwera kunkhondo, ndipo ukayang'ana umaonadi: amuna ali pamizere yowongoka, malaya osita bwino, masokosi ofika m'mawondo, phazi likutsika nthawi imodzi, ng'oma yaikulu ikugunda pakati, badza akulira. Itanani magulu atatu kapena anayi a midzi yoyandikana kuti apikisane, amayi a chimtali atsegulire bwalo. Juni kapena Julayi ndi nthawi yabwino, anthu apuma zakumunda ndipo m'thumba mudakali kanthu. Sankhani tsiku losawombana ndi msika waukulu wa kufupi, pokhapokha ngati bwalo lanu lili pamsika pomwepo.

Ndalama ya pakhomo ikhale yochepa kuti anthu adzaze. Yeniyeni imatuluka pa perekaniperekani. Pezani woyendetsa mwambo wodziwa kuitana anthu m'magulumagulu: a mudzi wakuti, aphunzitsi, a kabaza, amayi a banki m'khonde, onse amene ali ndi mbale wawo ku usilikali, onse amene agogo awo anapita ku Burma. Pambali pakhale tebulo la osintha ndalama, ali ndi ma K50, ma K100 ndi ma K200 okwanira, chifukwa munthu wogwira K5,000 imodzi savina nayo, koma mukamusinthira amaponya yonse pang'onopang'ono nyimbo isanathe. Gulu lililonse la mganda likhale ndi beseni lake lofupira, ndipo lopambana likhale lomwe beseni lake lalemera. Mukatero midzi imapikisana ndi matumba awo.

Kuwerenga kuchitike pomwepo, dzuwa lisanalowe. Yalani mphasa kutsogolo kwa amfumu, khuthulani beseni limodzi limodzi. Anthu atatu awongole ndalama zokwinyikazo n'kuziika m'milu monga mwa mtundu wake, wachinayi awerenge mokweza, mlembi alembe, mboni ziwiri zosakhala m'komiti zisaine. Za osintha ndalama ziwerengedwe padera, zibwerere momwe zinabwerera. Chiwerengero chilengezedwe pa chimkuzamawu anthu asanabalalike. Beseni likangolowa m'kalasi ndi anthu awiri chitseko n'kutsekedwa, ngakhale pasasowe kanthu, mawa pachigayo nkhani idzakhala ina.

Asilikali akale amene abwera akhale pamthunzi, pamipando, pamodzi ndi amfumu. Wofuna kuvala mamendulo ake avale, wofuna kuyankhula ayankhule. Koma musawaimike pamzere kuti anthu aone umphawi wawo, ndipo musamukakamize munthu kufotokoza zomwe anaona kunkhondo. Ena sagona nazo tulo mpaka lero. Achinyamata anu muwauziretu kuti asabwere atavala zamawangamawanga zofanana ndi yunifolomu. A Malawi Defence Force (MDF) akhala akuchenjeza anthu wamba za zimenezi.

Zina zothandizira

Ulendo wa ndawala, womwe ambiri amangoti big walk, umayenda bwino m'tauni momwe muli mashopu ndi magalimoto a pa M1, apolisi apamsewu akukutsogolerani. Zitini zikhale zomata, zolembedwa manambala, zotsegulidwa pamodzi pamapeto. Mapepala osonkhetsera nawonso akhale ndi nambala ndi chidindo, ndipo onse abwerere, ngakhale lopanda dzina ndi limodzi lomwe. Ana asukulu musawatume kuimitsa magalimoto.

Bonanza ya mpira imakoka anthu koma imadya ndalama: mphoto, oyimbira, mipira, laimu. Ngati palibe wamalonda amene wavomera kulipira zonsezo, isiyeni.

Abale a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg afikireni pa WhatsApp. Atumizireni chithunzi cha kalata ya bungwe, nambala imodzi yokha yotumizirapo, ndipo sabata iliyonse muziika pagulupo zomwe zalowa. Wofuna kuti dzina lake lisatchulidwe mulembeni kuti wakufuna kwabwino, koma ndalama yake ioneke. Zithunzi za olandira thandizo musaziponye pa Facebook eni ake asanavomere, ndipo za ana amasiye ndibwino kungozisiya.

Pa zonsezi chenjerani ndi ndalama zoyendetsera ntchito. Gwirizanani pachiyambi malire ake, mwachitsanzo kuti pa K10 iliyonse yosonkhedwa yopita ku zokonzekera isapose K1, ndipo lembani m'maminitsi. Zokuzira mawu, tenti, mipando ndi ngolo yotutira chimanga pemphani kwa eni ake ngati chopereka chawo, muwathokoze pagulu. Za maalawansi a komiti zikanidwe pa msonkhano woyamba, aliyense akumva, kuti wobwerera zimenezo abwerere kwawo msanga.

Kupereka

Pofika Okutobala mabuku akhale atatsekedwa. Pemphani munthu wodziwa masamu wosakhala m'komiti, kaya mphunzitsi kaya msungichuma wa mpingo wina, afananize kope la otolera, malisiti ndi sitetimenti ya kubanki ndi ya pafoni. Ndalama yopita ku bungwe idzere ku akaunti yomwe inalembedwa m'kalata ija, osati m'manja mwa munthu, ngakhale atabwera ndi galimoto yolembedwa dzina la bungwe. Sungani kapepala ka kubanki ndipo bungwelo likupatseni lisiti.

Mwambo wokumbukira umachitika Lamulungu lachiwiri la Novembala, kufupi ndi pa 11, tsiku limene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya mu 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Mutha kupempha bungwe kuti likupatseni maluwa a poppy oti mugulitse sabata imeneyo; ndalama yake ndi ya bungwe yonse, isasakanizidwe ndi ya masika ija. Pa Lamulungulo, mapemphero akatha, khalani chete mphindi ziwiri, kenako mlembi awerenge lipoti: zolowa mudzi ndi mudzi, zotuluka, zopita ku bungwe, matumba otsala m'chipinda ndi tsiku lodzawagawa. Lipoti lomwelo limatidwe pa bolodi ya tchalitchi, kwa amfumu ndi pa gulu la WhatsApp.

Gawo la mabanja a kuno likaperekedwe kunyumba kwawo, ndi anthu awiri kapena atatu pamodzi ndi woimira bungwe, osati pabwalo. Musanagule kanthu afunseni eni ake. Mukhoza kupeza kuti mayi amene mumati mumugulire ufa, chomwe chamusowetsa mtendere ndi ndalama yokwerera basi kukalondola mapepala a malipiro a malemu amuna ake, kapena achibale amene akumuopseza kuti achoke panyumba. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira, ndipo pamenepo thandizo lanu ndi kumuperekeza ku ofesi ya a DC kapena kupolisi ya Victim Support. Ngati ndi fizi, kalipireni kusukulu komweko, lisiti limodzi kwa mayiyo, chithunzi chake m'buku la komiti. Za matumba a Januwale, lembani mayina ndi tsiku pakadalipano, ndipo mwezi uliwonse awiri osunga makiyi aja azitsegula chipinda limodzi n'kuona ngati mbewa kapena anankafumbwe sanalowemo.